Kodi kompyuta imamvadi zimene ukuiuza?

Mtsikana wina wa ku Chilenje, amene alemba mayeso a Giredi 12 chaka chino, wandilembera kuti: "Ndikamacheza ndi ChatGPT pafoni imandiyankha ngati munthu. Kodi imamvadi zimene ndikunena? Nkhaniyi yandigwira mtima, ndikaphunzire chiyani?"

Mwana wanga, funso lakoli linayamba kale, foni za m'manja zisanabwere. Mu 1950 Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku Britain, ananena kuti makina ayesedwe pocheza ndi munthu, tione ngati munthuyo angazindikire kuti akucheza ndi makina. Pambuyo pake akatswiri ambiri anayamba kunena kuti maganizo ali ngati pulogalamu, ubongo ndiye kompyuta yake.

Mu 1980 John Searle, katswiri wa filosofi (maphunziro ofufuza mozama mafunso ngati lakoli), anakana. Anati tayerekeza munthu wosadziwa Chitchaina watsekeredwa m'chipinda ndi buku la malangizo. Akumulowetsera timapepala ta mafunso, iye n'kumangofananiza zilembo ndi zam'bukumo n'kubweza yankho. Ali panja akuti, "Uyutu Chitchaina amachidziwa!" pamene mwini wake sakumvapo ngakhale liwu limodzi. Iwe ukati "amayi", mtima wako uli kale pa munthu weniweni, nkhope yawo ndi chitenje chawo chomwe. Nanga makina akalemba "amayi" amakhala akunena ndani?

Palinso china. Ukatema nsima yangophulidwa kumene, zala zimapsa, iwe n'kukuwa. Wasayansi angafotokoze mmene uthenga umayendera m'mitsempha kukafika ku ubongo, ndipo kompyuta ingatsanzire zimenezo. Koma n'chifukwa chiyani pamakhala kuwawa kumene mwini wake yekha amamva? David Chalmers, katswiri winanso wa filosofi, mu 1995 ananena kuti apa ndi pamene pagona vuto lenileni. Ena, monga Daniel Dennett, ankati ntchito zonse za ubongo zikafotokozedwa sipatsalanso chinsinsi. Ine ndili kwa Searle ndi Chalmers, komabe uwawerenge onse, usangomvera ine.

Za sukulu: limbikira masamu, usawanyalanyaze ngakhale pang'ono, chifukwa makina amenewa amayenda ndi masamu. Ku yunivesite ya Zambia (UNZA), pamsewu wa Great East, amaphunzitsa Computer Science, komanso filosofi ndi saikoloje. Ndikanakhala iwe ndikanasankha Computer Science, popeza kulemba mapulogalamu kungakupatse ntchito kubanki kapena kumakampani a mafoni, kwinaku ukuwerenga filosofi pawekha. Ukauze makolo ako zimenezi msanga, nthawi yofunsira malo isanakwane.