Kodi zigoli za pa SMS ndingazigulitse?

Funso: Ndili ndi golosale pamsika wina ku Dedza. Loweruka sindingatseke kuti ndikaonere mpira, ndiye mng'ono wanga wa ku Blantyre anayamba kunditumizira ma SMS ali m'bwalo la Kamuzu: wagoletsa ndani, pa mphindi yanji. Tsiku lomwe Maule ankasewera ndi Manoma, pakhonde panga panadzaza anthu kudikira kuti foni ilire. Kodi ndiyambe kuwalipiritsa?

Yankho: Bambo, musawalipiritse. Chigoli ndi katundu wosachedwa kusasa kuposa mkaka. Pakangotha mphindi ziwiri, wina wachimva pa wailesi, wina wauzidwa ndi mnzake wa WhatsApp. Mukangoti aliyense aponye kangachepe, khonde lija lizizira tsiku lomwelo.

Chimene mwatola n'chachikulu kuposa ndalama zimenezo. Mwapeza njira yoti anthu akhale pakhomo panu mphindi 90, ndipo munthu amene wakhala pabenchi nthawi yonseyi amamva ludzu. Pezani kabolodi ndi choko, mulembepo matimu, ndipo foni ikalira muzisintha zigoli anthu akuona. Pambali pake pakhale zakumwa zozizira, mtedza wokazinga, mandasi ndi mayunitsi. Phindu lanu lili pamenepo. Koma tsiku la mpira ngongole ayi, chifukwa wosangalala ndi chigoli amalonjeza zambiri kuposa zomwe zili m'thumba mwake.

SMS ili ndi mphamvu yomwe ambiri aiiwala. Sifuna bandulo ya intaneti, imalowa ngakhale pa kafoni ka mabatani, ndipo kafoniko kamasunga moto masiku angapo magetsi akathima. Pomwe netiweki ili yofooka moti vidiyo ikungozungulira, uthenga umadutsa ndithu. Kumbukirani chigoli chakutali chija cha Gabadinho Mhango pomwe Flames inkasewera ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022: kuti chisangalatse mudzi wonse, mawu anayi okha anali okwanira.

Mng'ono wanuyo mumugulire bandulo ya ma SMS, musamusiye azidya mayunitsi ake. Muuzeninso kuti uthenga umodzi umatenga zilembo 160, koma akangoikamo kachithunzi koseka kapena chilembo cha ŵ, malire amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga wautali umawerengedwa ngati awiri kapena atatu. Alembe mwachidule: timu, wogoletsa, mphindi, basi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mauthenga aja okuitanani kuti mulembetse kuti muzilandira zotsatira za mpira. Ambiri amadula ndalama tsiku lililonse, kaya kuli masewero kaya kulibe. Musanavomere, funsani mtengo wake ndi njira yotulukira. Ndipo ngati mayunitsi akungosowa mufoni, imbirani kampani yanu ya foni ikuuzeni zomwe munalembetsa.

China n'chakuti pomwe pasonkhana okonda mpira, nkhani ya kubetcha sichedwa kufika. Ndalama ya m'kabati si yanu, ndi yokaodera katundu Lolemba. Isapite ku tikiti, ngakhale mng'ono wanu atalumbira kuti Maule lero ali bwino.

Yesani kwa masabata anayi. M'kope lanu lembani zomwe mwagulitsa Loweruka la mpira ndi Loweruka lopanda mpira, muchotsepo mtengo wa bandulo ndi choko, kenaka mudzandilembere zomwe zatsala.