Kodi mafilimu a zamasewero akumunamiza mwana wanga?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano popanda kutchula dzina. Ali ndi mnyamata wa Fomu 3 amene amamenya mpira bwino, moti timu ya m'dera lawo sipita ku bonanza iye kulibe. Mnyamatayu wadzaza foni ndi mafilimu a zamasewero, ena omasulira m'Chichewa aja, ndipo tsopano akuti sukulu ikumuchedwetsa, akuti munthu ukalimbikira ndi mtima wonse palibe chingakutchinge. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Kodi mafilimuwa amanena zoona, kapena akungomuzunguza mutu mwana wanga? Ndimuletse kuonera?"

Amayi, musamuletse. Kumuletsa n'kumupatsa mdani, ndipo mwana amene wakhuta mafilimuwa amadziwa kale kuti munthu woletsa ndi amene amadzachita manyazi kumapeto. Mudzangolowa m'filimu yake ngati mayi wosamvetsa uja. Chofunika n'kumuthandiza kuona zimene zili m'mafilimu omwewo koma nyimbo imaziphimba.

Tiyambe ndi Rocky ya 1976, chifukwa ambiri mwa mafilimu ali m'foni ya mwana wanuyo anatengera mapazi ake. Rocky ndi mnyamata wosauka wa mumzinda wa Philadelphia. Usiku amaponya nkhonya m'timaholo tautsi, masana amatolera ngongole za bwana wina wa katapila. Nkhonya yoyamba imene timaiona wapambana, koma m'thumba mwangolowa madola 40. Zimene aliyense amakumbukira n'zija: kudzuka mbandakucha, kuswera mazira aawisi m'tambula n'kugugudiza, kumenya nyama ya ng'ombe yolendewera m'chipinda chozizira, kenako kuthamanga kukwera masitepe 72, manja m'mwamba, nyimbo ili m'kati. Ukaonera pamenepo umafuna uthamange usiku womwewo.

Koma mufunseni mwana wanu kuti Rocky anaupeza bwanji mwayi womenyana ndi mwini lamba wa dziko lonse. Ambiri sakumbukira. Amene ankayenera kumenyana ndi mwini lambayo, Apollo Creed, anavulala dzanja kutatsala masabata asanu, akatswiri ena anakana, ndiye Apollo anatenga buku la mayina a oponya nkhonya n'kumatsegula masamba. Anaima pa Rocky chifukwa cha dzina lake lotchukira, "Italian Stallion", poona kuti likongola pa chikwangwani ndipo anthu agula matikiti. Anali asanamuonepo akuponya chibakera n'chimodzi chomwe. Mazira aja, nyama ija, masitepe aja, zonse zinabwera khomo litatseguka kale.

Ndipo Rocky sapambana. Usiku woti mawa ndi nkhonya, iye mwini amauza chibwenzi chake kuti munthu ameneyu sangamugonjetse, chomwe akufuna n'kungofika kumapeto ali chiimire. Amafikadi ndime zonse 15, nkhope itatupa, koma majaji amapereka chipambano kwa Apollo. Nkhaniyi Sylvester Stallone anailemba ataonera nkhonya yeniyeni ya mu 1975 pomwe Chuck Wepner, munthu yemwe ankagulitsa mowa, analimbana ndi Muhammad Ali mpaka ndime ya 15. Wepner naye anagonja, ndipo lamba wa dziko lonse sanamugwirepo. Rocky anadzapatsidwa lamba m'filimu yachiwiri, ya 1979, opanga ataona kuti anthu akufuna zotani.

Ndiye mafilimuwa sanama pa nkhani ya khama. Akuluakulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa, ndipo palibe katswiri amene anafika pamwamba akugona. Pamene amatipusitsa ndi pena. Poyamba amalifupikitsa khamalo. Masabata asanu a Rocky amatha m'mphindi pafupifupi zitatu, ndipo mphindi iliyonse ali bwino kuposa yapitayo. Kukonzekera kwenikweni n'kotopetsa, kobwerezabwereza, ndipo mwezi wathunthu ukhoza kutha osaona kusintha kulikonse. Onaninso mmene amamujambulira mdani. Amakhala wodzikuza, wolemera, waulesi kapena wachinyengo, kuti khama lioneke ngati lili mbali imodzi yokha. Pabwalo lenileni matimu onse awiri adzuka m'mamawa, onse apemphera, amayi awo onse ali kunja kwa mzere akukuwa, koma chikho n'chimodzi.

Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti wopanga filimu amasankha munthu akudziwa kale mathero ake. Amayamba ndi amene wafika, n'kubwerera m'mbuyo kukatolera thukuta lake. Anzake amene ankathamanga naye msewu womwewo, nthawi yomweyo, n'kuthera poyendetsa kabaza, palibe amene amawatsata ndi kamera.

Pali filimu imodzi imene inayamba kujambula isakudziwa mathero, ndipo ndi imene ndikufuna muonere pamodzi ndi mwana wanu. Dzina lake ndi Hoop Dreams, inatuluka mu 1994. Mulibe osewera a zisudzo, ndi anthu enieni. Ojambula anatsata anyamata awiri a m'madera osauka a ku Chicago, William Gates ndi Arthur Agee, kwa zaka pafupifupi zisanu, kuyambira ali ndi zaka 14. Onse anali ndi luso pa basketball, onse anatengedwa ndi sukulu yolipira ya St. Joseph, yomwe katswiri Isiah Thomas anaphunzirako, ndipo ankayenda ulendo wa ola ndi theka m'mawa uliwonse kuti akafike.

William ankaoneka kuti ndi amene adzafike patali, choncho anamupezera munthu wachuma womuthandiza fizi. Arthur anali wochedwa kukula, ndipo makolo ake atalephera kumaliza fizi anamubweza pakati pa chaka, sukulu n'kugwira zikalata za magiredi ake chifukwa cha ngongoleyo. Bambo ake ntchito inatha, analowerera m'mankhwala ozunguza bongo, ndipo pali malo pamene kamera imalowa m'nyumba mwawo magetsi atadulidwa, banja lili mumdima. William uja, amene zonse zinali m'malo mwake, anavulala bondo, n'kupita ku opaleshoni, n'kubwerera pabwalo msanga, n'kuvulalanso. Ukamuona akuthamanga pambuyo pake umaona munthu amene akuopa mwendo wake womwe. Palibe mwa awiriwa amene anali waulesi. Palibenso amene anasewerapo mu NBA, ligi yomwe pa chisankho chake cha chaka ndi chaka imatenga osewera atsopano pafupifupi 60 okha kuchokera dziko lonse lapansi.

Chimene basketball inawapatsa ndi sukulu. William anapita ku yunivesite ya Marquette, Arthur anadzera ku koleji yaing'ono n'kukafika ku Arkansas State. Ndipo kuti William aloledwe kusewera ku yunivesiteko anachita kubwereza mayeso olowera kangapo mpaka atafika pa mlingo wofunika. Luso la pabwalo palokha silikanamulowetsa. Pamenepa mudzaimitse kaye filimuyo, mumuyang'ane mwana wanu, osanena kanthu.

Muli chigawo china chomwe ndikuganiza kuti chidzakukhudzani inuyo kuposa iye. Mayi ake a Arthur, pakati pa mavuto onse aja, ankaphunzira ntchito yothandiza anamwino. Atauzidwa kuti akhoza bwino kuposa onse m'kalasi mwawo analira. Mwambo wolandira satifiketi unachitikira m'chipinda cha mipando yambiri yopanda anthu, pomwe masewero a mwana wawo ankadzaza holo. Kwa ine khama lalikulu m'filimu yonseyo ndi limenelo, ndipo ndi lomwe linasintha chakudya cha pakhomo.

Ngati akufuna ya pafupi ndi kwathu, pali Queen of Katwe ya 2016, yonena za Phiona Mutesi wa ku Kampala, mtsikana yemwe ankagulitsa chimanga mumsewu n'kudzakhala katswiri wa chess. Iyi ndi ya Disney, yokometsedwa ndithu, koma sinabise zinthu ziwiri: Phiona anapita koyamba kumalo ophunzirira chess kuja potsata phala, ndipo panali mphunzitsi, Robert Katende, yemwe ankayenda m'maofesi kupempha kuti ana ake aloledwe kupikisana ndi a m'sukulu za olemera. Phiona sanafike pa mlingo wa akatswiri a pamwamba penipeni pa dziko lonse. Chess inamubwezera m'kalasi, ndipo mu 2017 anakayamba maphunziro ku yunivesite ina ku America.

Mwana wanu adzakuyankhani kuti nanga a Chawinga bwanji. Ali ndi mfundo. Tabitha anachoka ku Rumphi, n'kudzakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi ya amayi ya ku Italy mu 2023 ndi zigoli 23, ndipo mng'ono wake Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Khama la atsikana amenewa palibe angalikayikire. Komabe Tabitha anachita kusamukira ku Lilongwe, ku timu ya DD Sunshine, kuti aonedwe, ndipo anapita ku Sweden mu 2014 chifukwa munthu amene anamuona akusewera anamulumikizitsa ndi timu yaing'ono ya kumeneko. Temwa anadzera njira imene mkulu wake anali atalambula kale. Tsiku limene wina adzapange filimu ya nkhani yawo, ndikukhulupirira kuti mpira wa chikulunga udzatenga theka la ola, koma munthu wolumikizitsa uja adzapatsidwa mphindi imodzi.

Tsono mukakhala naye pansi, musakangane naye za khama, chifukwa pamenepo akunena zoona ndipo adzakupambanani. Mufunseni kuti m'filimu iliyonse imene amaikonda, ndani anatsegula khomo, nanga kwa iyeyo munthu ameneyo ndani. Kodi pali kochi wa timu yaikulu amene anamuonapo? Kugoletsa pa bonanza ya m'dera n'kwabwino, koma amene amaonera kumeneko ndi anthu omudziwa kale. Mufunseninso kuti bondo litakana ali ndi zaka 19 adzagwira chiyani. Si kumulosera zoipa. M'mpira wathu uno wosewera akavulala kwambiri, nthawi zambiri mtolo umagwera pakhomo, ndipo pakhomopo ndi inuyo.

Za kusiya sukulu, yankho langa ndi ayi wosazungulira. Kuchokera Fomu 3 kukafika pa mayeso a MSCE si patali, ndipo palibe timu imene imakonzekera kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka madzulo. Maola amene akuti sukulu ikumulanda, akasiya adzawathera pa shopu ya mafilimu yomweyo. Masewero a m'sukulu nawonso ndi amodzi mwa malo ochepa amene mwana wa msinkhu wake amakumana ndi anzake a m'maboma ena n'kudziyeza kuti ali pati.

Mupangane naye chonchi: jombo mumugulira ngati mungathe, kokonzekera madzulo simumuletsa, koma kalasi sajomba. Kuthamanga kwa m'mawa adzuke yekha, inu musamugogodere. Hoop Dreams ndi yaitali, pafupifupi maola atatu, ndipo ndi ya Chingerezi, choncho muigawe masiku awiri. Teremu ikatha mundilemberenso mundiuze ngati akudzukabe, ndipo ngati ndi choncho tidzakambirana za kumene angapite kukayesedwa nthawi ya holide.