Tifunseni: Nsapato zamateyala, chinjira ndi mtima wothawathawa

Mwezi uno makalata achuluka ochokera kwa atsikana a m'masekondale a mu Blantyre omwe aonera roller derby, masewero opikisana pa nsapato zamateyala, pafoni ndipo mapazi ayamba kuwayabwa. Tasankhapo anayi.

*Akonzi, ine ndi anzanga asanu tidatola nsapato zamateyala mu kaunjika ku Limbe. Kodi masewerowa amayenda bwanji, nanga tiyambire pati? — Mtsikana wa Fomu 2, Chilomoni*

Masewerowa adayambira ku Chicago mu 1935 pansi pa Leo Seltzer, koma amene mukuonawa, otsogozedwa ndi akazi pabwalo lathyathyathya, adadzukanso ku Austin, Texas, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo malamulo ake amasunga ndi bungwe la WFTDA. Kuno ku Africa matimu adakhazikitsidwa ku Johannesburg, Cape Town ndi Cairo.

Timu iliyonse imalowetsa asanu. Mmodzi ndi jammer, wa nyenyezi pahelemeti, anayi enawo ndi otchinga. Onse amazungulira bwalo mokhotera kumanzere. Jammer akabowola gulu koyamba sapeza kanthu. Akazungulira n'kulipezanso, mdani aliyense amene wam'pitirira ndi poyinti imodzi. Kagawo kamodzi, kotchedwa jam, sikapyola mphindi 2, kenako mumapuma masekondi 30. Mpikisano wonse ndi zigawo ziwiri za mphindi 30.

Koma zimenezo n'zakutsogolo. Tembenuzani kaye nsapatozo. Za derby ndi zija za mateyala awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, osati zondanda mzere umodzi. Zunguzani teyala lililonse ndi chala. Likamalira kwekwerekwete kapena kuima msanga, mabering'i adya fumbi. Teyala limodzi limakhala ndi mabering'i awiri a nambala 608, ndiye kuti 16 pa nsapato ziwiri. Atulutseni, muwatsuke m'palafini, aume ndithu, mudonthezere madontho awiri a mafuta a makina osokera. Madzi ayi, amachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Pobwezera, mangani nati mpaka teyala lisiye kugwedera, kenako muibweze pang'ono kuti lizizungulira momasuka. Gwedezaninso kamphira kakutsogolo kaja koimira. Kakakhala kosamangika kamathothoka uli paliwiro.

M'mbali mwa teyala mumalembedwa nambala ya kulimba kwake. La 78A n'lofewa, limameza timiyala ta pasimenti yokakala. La 90A kupita m'mwamba n'la pansi posalala ngati m'holo. Teyala lolimba likaponda kamwala limaima dzi, mwini wake n'kupitirira ndi nkhope. N'chifukwa chake tsache ndi chida choyamba cha timu iliyonse.

Malo abwino ndi bwalo la ntchemberembaye lasimenti. Lili mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, pomwe njira ya derby imafuna pafupifupi 27 ndi 16, choncho ngakhale m'lifupi likuperewera pang'ono, pophunzira mukwanamo. Jambulani ndi choko. Mumsewu musayerekeze. Blantyre ndi zitunda ndi zotsetsereka zokhazokha, ndipo minibasi kapena kabaza sadziwa kuti mulibe mabuleki. Chiperoni chikanyowetsa simenti, tsiku limenelo n'lotsuka mabering'i.

Munthu asaponde bwalo opanda zinthu zisanu izi: helemeti, choluma choteteza mano, zoteteza polumikizira dzanja, zam'zigongono ndi zam'maondo. Ngati ndalama zavuta, gulani zokwanira anthu awiri muzisinthana, kupatula choluma.

Masabata awiri oyamba phunzirani kugwa. Pindani maondo ngati mukufuna kukhala pampando wosaoneka, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa, maso kutsogolo. Mukaona kuti zavuta, tsikani kwambiri n'kugwera pamaondo, thupi mulisonkhanitse, zala muzipinde chibakera, chifukwa zala zotambasuka pansi n'zimene teyala la mnzako limaponda. Woima njo ngati mtengo wa magetsi amagwa chagada, nagunditsa kamchira ka msana kapena nkhongo. Mukagwa chambuyo ndithu, pendekerani kuthako limodzi. Kenako kuima: kokani phazi limodzi kumbuyo mopingasa ngati chilembo cha T, kapena tambasulani miyendo zala zamapazi zikulozana, mukukankhira zidendene kunja. Amene sadziwa kuima asathamange.

*Mnzanga amene tidayamba chinjira tili Sitandade 5 adandigunda ndi chiuno poyeserera mpaka ndidagudubuzika. Sadapepese, adangopitirira. Papita sabata osalankhulana. Ndilakwa kumusiya? — Wa Fomu 3, Ndirande*

Tiyambe ndi funso la woimbira: adakugunda pati, ndi chiyani? Lamulo limalola kugunda ndi phewa, mkono wakumtunda, chifuwa, chiuno ndi ntchafu yakumtunda, ndipo malo ogundidwa akhale kutsogolo kapena m'mbali, pakati pa mapewa ndi pakati pa ntchafu. Kumsana, kumutu ndi kumunsi kwa ntchafu n'koletsedwa. Kukankha ndi manja kapena chigongono n'koletsedwanso. Wolakwa amakakhala pabenchi masekondi 30, akalakwa kasanu ndi kawiri watuluka. Ngati mnzakoyo adabwera m'mbali ndi chiuno, adagwira ntchito yake, ndipo kuima pakati pa jam kuti akudzutse kukadagwetsa ena akumbuyo. Walira mvula walira matope.

Komabe ife tikuona cholakwa china, ndipo n'cha gulu lonse: adakuuzani ndani kuti mwafika pogundana? Bungwe la JRDA, loyang'anira masewerowa kwa ana, lidagawa magawo atatu. Loyamba mumangotchinga njira osakhudzana. Lachiwiri mumatsamirana n'kukankhana pang'onopang'ono. Kugundana kwenikweni n'kwa gawo lachitatu, kwa amene akudziwa kale kugwa ndi kuima, pamaso pa wamkulu. Gulu longoyamba kumene likhale pagawo loyamba.

Tsono za chinjira chanucho. Chimene chakupweteka, tikuganiza, si chiuno ayi, koma kuti adapitirira osacheuka pamaso pa anzanu. Muuze zomwezo, muli awiri, osati pagulu la WhatsApp pomwe aliyense amathirapo mchere wake. Mawu ake ndi ochepa: "Unandigwetsa, sindikukana kuti ndi masewero, koma ndimadikira kuti undifunse ngati ndavulala." Kenako panganani monga gulu kuti jam ikatha, wogwetsa ndiye woyamba kufunsa wagwayo kuti ali bwanji. Matimu muzisankha mwamaere sabata iliyonse, ndi zitsekerero za mabotolo za mitundu iwiri m'chipewa. Matimu osasintha pa gulu laling'ono amabala magulu awiri a miseche.

*Ndili ndi zaka 15. Pali mnyamata wa m'kalasi mwathu amene amatiimbira wezulo. Akangofika ndimasokonezeka, ndimagwa paliponse. Choipa n'choti mnzanga amene timatchinga limodzi nayenso akum'funa. Nditani? — Wosowa tulo, Zingwangwa*

Palibe chachilendo, mwana iwe. Pamsinkhu wakowo mtima umathawa wokha, ndipo nthawi zambiri umabwerera wokhanso pakapita miyezi. Sikuti ukamva choncho uyenera kuchitapo kanthu.

Kugwako kuli ndi chifukwa chake chooneka. Pamateyala thupi limatsata maso. Wotchinga amayenera kuyang'ana chakumbuyo, pamwamba pa phewa, kusaka chiuno cha jammer wa adani. Iwe ukuponya maso kunja kwa bwalo, mapewa akutembenuka, maondo akuwongoka chifukwa ukufuna kuoneka bwino, basi wagwa. Dzipatse ntchito yapakamwa: uzikuwa komwe jammer akubwerera, "Mkati! Kunja! Pakati!" Wotchinga wabwino amalankhula jam yonse, ndipo pakamwa pakatanganidwa maso sayendayenda.

Za mnzakoyo n'zimene zikutidetsa nkhawa kwambiri. Mpanda wa otchinga umalimba pamene chiuno chako chagundana ndi cha mnzako osasiya mpata wolowa nkhonya. Anthu awiri osungirana nsanje amatalikirana osadziwa, ndipo jammer amadutsa pomwepo. Muuze wekha, asamve kwa ena: "Inenso ndimam'ganizira, koma sindikufuna tidane." Osatuma mtumiki kwa mnyamatayo, uthenga wodzera mwa munthu wachitatu umafika utavala zina, mawa sukulu yonse yadziwa. Zithunzi zako usatumize kwa aliyense, chifukwa chimene chatuluka m'foni sichibwezeka. Ndipo ngati mmodzi wa inu adzagwirizane naye, wezuloyo aipereke kwa wina. Woimbira wokhala ndi mbali amapha timu msanga.

Apa tikunena za mnzako wa m'kalasi. Akakhala wamkulu, kaya mphunzitsi wa masewero kaya wina wolonjeza nsapato zatsopano, mayunitsi kapena kukuperekeza pagalimoto uli wekha, imeneyo ndi nkhani ina. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Uza mayi, azakhali kapena aphunzitsi aakazi owakhulupirira, apo ayi imba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

*Mwana wanga amabwera ndi mikwingwirima m'ntchafu, dzana adamenyetsa mutu pansi. Ndimuletse? — Mayi wa ku Bangwe*

Mikwingwirima isakuopseni, mayi. Kulungani ayisi m'kansalu muike pamalopo mphindi 15 kapena 20, kangapo patsiku loyamba. Koma yang'anani pomwe ili: ya m'chiuno ndi m'ntchafu n'ya masewero, ya kumsana ikutanthauza kuti anawo akusewera opanda woyang'anira malamulo, ndipo pamenepo muyenera kukaona nokha tsiku loyeserera likubwerali.

Mutu ndiye sitichita nawo masewera. Mwana akamenyetsa mutu asabwerere m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale anene kuti ali bwino, ndipo wamkulu azimuyang'anira masiku awiri oyamba. Akamasanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuiwala zimene zachitika, kuodzera modabwitsa, kuyenda mopepesuka kapena mutu ukamapweteka mowonjezereka, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Queens. Ngakhale zizindikiro zitakhala zochepa, asavalenso nsapatozo mpaka zitatheratu ndipo adokotala avomereza.

Tengani helemetiyo muisuzumire mkati. Ngati chofewa chija chaphwanyika, chabonyoka kapena pali mng'alu, yatha ntchito ngakhale kunja ikuwala. Yatsopanoyo ikhale pamphumi, zala ziwiri pamwamba pa nsidze, lamba wapachibwano wothina moti pangolowa chala chimodzi, ndipo mwana akapukusa mutu isagwedere.