Apatseni anawo jumbo, alembe okha lamulo

Mayi, mwafunsa kuti achinyamata 30 a kutchalitchi kwanu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mungawaphunzitse bwanji mmene malamulo amapangidwira popanda kuwagonetsa tulo. Nkhani ya mapulasitiki ndi yabwino kwambiri chifukwa lamulo lake lilipo kale, koma majumbo akadali mbwee m'ngalande. Mwana amafunsa yekha kuti chalakwika n'chiyani.

Loweruka loyamba musayambe ndi mabuku. Agaweni m'magulu a anthu asanu, gulu lililonse magolovesi ndi thumba, atole zinyalala pa mamita 100 a msewu umodzi. Akazikhuthule pansi, asiyanitse majumbo opyapyala, timapepala ta freezit (chakumwa chozizira cha m'timapulasitiki), mabotolo ndi kaylite (timabokosi toyera topepuka toikamo chakudya), kenako awerenge n'kulemba. Manambala amenewo ndiwo umboni wawo pamtsutso.

Mukatero awonetseni kusiyana kwa malamulo awiri, pakuti ngakhale akuluakulu amasokoneza. Environmental Management Act ya 2002 inadutsa m'Nyumba ya Malamulo. Koma kuletsa pulasitiki yopyapyala kuchepera ma micron 30 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki) kunabwera ndi Statutory Instrument 98 ya 2010, yomwe nduna inatulutsa pogwiritsa ntchito mphamvu zimene Act ija inaipatsa. Kaylite inaletsedwa ndi Statutory Instrument 84 ya 2012, koma EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, inadzayamba kukhwimitsa mu 2017. Afunseni kuti zaka zisanu zimenezo lamulo linali kuti.

Sabata yachiwiri alembe bilu ya tsamba limodzi: tanthauzo la mawu, choletsedwa, woyang'anira, chilango ndi tsiku loyambira. Apa chedwanipo, chifukwa mpamene pagona phunziro lenileni. Ana amakonda kulemba kuti "mapulasitiki onse aletsedwe". Nyamulani ndowa yotungira madzi, muwafunse ngati nayonso yaletsedwa. Aona okha kuti mawu amodzi osasamala amanga munthu wosalakwa. Akati "opyapyala okha", afunseni ayeza ndi chiyani, poti ma micron 30 ndi mamilimita 0.03, ndipo chala sichingasiyanitse 25 ndi 30. Ku Malawi malire anawaika pa ma micron 60 mu 2015, makampani n'kukatenga ziletso kukhoti mpaka khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2019 kuti lamulolo lipitirire. Chitsanzo chimenechi chimawathandiza kumvetsa kuti makhoti nawonso ali ndi gawo.

Sabata yachitatu ikhale yomva maganizo a anthu, monga gawo 141 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 2013 limalamulira Nyumba ya Malamulo. Ana asanu akhale komiti. Ena akhale mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika, mwini fakitale, wotola mabotolo kukagulitsa, wa khonsolo, ndi msodzi wa ku Lake Chivero, kumene zinyalala za mumtsinje wa Mukuvisi zimalowera. Maudindo atole pamayere. Mukawalola kusankha, onse amathamangira mbali yomwe akuganiza kuti inu mukuikonda, ndipo mayi wa tomato amasowa womulankhulira, chonsecho ndiye woyamba kumva kuwawa jumbo ikakwera mtengo.

Tsiku lomaliza ndi la mtsutso. Agaweni nyumba ziwiri, National Assembly ya ana 20 ndi Senate ya ana 6, wina sipikala, wina pulezidenti, awiri otsalawo aziona ngati biluyo sikutsutsana ndi malamulo aakulu, ntchito ya Parliamentary Legal Committee. Aliyense mphindi ziwiri, wotchi ili patebulo, apo ayi olongolola atatu amalanda tsiku lonse. Avote ndime ndi ndime, asavotere bilu yonse kamodzi. Pulezidenti weniweni amakhala ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze ndi zifukwa, wanuyo mumpatse mphindi zisanu. Wina akafuna kuti otaya zinyalala azimangidwa zaka khumi, musamuletse, ingofunsani kuti wa zaka 14 wotaya freezit atani naye. Ndipo chonde, biluyo ikagwa musaidzutse. Kugonja pa voti nakonso ayenera kukulawa.

Mukafuna kuti zisathere pasewero, gawo 149 limalola nzika iliyonse kupereka pempho ku Nyumba ya Malamulo. Koma pafupi ndi khansala wa wodi yanu. Mumuitane pa Lachisanu loyamba la mwezi, tsiku loyeretsa dziko lonse, anawo amupatse manambala awo aja ndi pempho limodzi lomveka, monga migolo itatu ya zinyalala pa siteji ya basi.