Mawu anali a mwana wanu, koma wolankhula anali wina

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo yomwe yandikhudza mtima kwambiri. Iwo akuti analandira uthenga wa mawu pa WhatsApp kuchokera pa nambala yachilendo, ndipo mawuwo anali a mwana wawo wamwamuna yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, akulira kuti wagwidwa ndi apolisi chifukwa cha mapepala ndipo akufunika ndalama tsiku lomwelo. Mayiwo anatumiza ndalama zomwe anasungira feteleza ku nambala imene anapatsidwa, koma madzulo mwanayo anaimba foni ali bwinobwino, akunena kuti sakudziwapo kanthu. Funso lawo ndi lakuti: kodi makina angathedi kulankhula ndi mawu a munthu, kapena mwanayo ndiye akuwanamiza?

Amayi, pepani kwambiri, ndipo ndikupempheni kuti musafulumire kumukayikira mwana wanu. Zimene mwafunsazi n'zotheka. Masiku ano kuli mapulogalamu a pa kompyuta ogwiritsa ntchito luntha lochita kupanga, lomwe ambiri akungolitchula kuti AI, ndipo ena mwa mapulogalamuwa akamvetsera mawu a munthu kwa kanthawi kochepa amaphunzira kamvekedwe kake, kenako n'kulankhula chilichonse chimene wakuba wawauza. Mawu ophunzirirapowo sasowa, popeza ana athu amaika mavidiyo awo pa Facebook ndi pa TikTok tsiku ndi tsiku, ndipo pomwepo amalembanso kumene akukhala ndi kwawo kumudzi. Pa Chichewa makinawa amatha kuphonya katchulidwe, koma uthenga ukakhala waufupi, wa munthu wolira, komanso wokhala ndi phokoso kumbuyo, kholo lomwe mtima uli m'mwamba silingamve kuphonyako.

Musadzione ngati wopusa. Mu 2024, wogwira ntchito pa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America atakhala pa msonkhano wa pavidiyo momwe nkhope ndi mawu a mabwana ake zinali zochita kupanga. Ngati munthu wozolowera kompyuta anapusitsidwa akuona ndi maso ake, nanga inu amene munangomva kulira kwa mwana amene munamubereka?

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse n'chakuti mawu kapena nkhope si umboninso wakuti mukulankhula ndi m'bale wanu. Chida chachikulu cha akubawa si makinawo ayi, koma changu chimene amakuikani nacho, chifukwa amadziwa kuti mukapeza mphindi khumi zoganiza, bodza lawo ligwa. Choncho uthenga uliwonse wopempha ndalama mwamsanga ukabwera, dulani, muimbire mwanayo pa nambala yomwe mumaidziwa kale, ndipo ikapanda kupezeka, muimbire mnzake amene amakhala naye kapena m'bale wina. Wopemphayo akati musauze aliyense, dziwani kuti pamenepo ndiye pali chinyengo. Ine kwathu ku Thyolo tinagwirizana ndi abale anga za funso limodzi la m'banja lomwe yankho lake silinalembedwepo pa intaneti, monga dzina la galu amene tinali naye tili ana, ndipo amene walephera kuyankha salandira ngakhale tambala. Makina angabe mawu, koma za pakhomo panu sazidziwa pokhapokha wina atazifalitsa.

Pali zina zing'onozing'ono zoti muchite pa foni. Musanatsimikize kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, werengani dzina la wolandira, ndipo likakhala lachilendo imani kaye. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wodzitcha wa ku kampani ya foni kapena wa Mtukula Pakhomo. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa uthenga nawonso ndi anu nokha, chifukwa wowapeza amalanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Za ndalama zomwe zapita, sindikulonjezani kuti zibwerera, popeza akubawa amakazitapa kwa ejenti mwamsanga. Komabe musafufute uthenga wa mawuwo, nambala imene unachokera, ndi uthenga wotsimikiza kuti munatumiza ndalama. Dziwitsani kampani ya foni yanu lero lomwe, kenako mukadandaule kupolisi ya ku Luchenza. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 lokhudza milandu ya pa makina ndi pa intaneti, ndipo bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe, kotero nambala yomwe inalandira ndalama zanu ili ndi dzina, ngakhale kuti akuba ena amalembetsa ndi ziphaso za anthu ena. Mwana wanu mumuuze kuti achenjeze azakhali ake ndi amalume ake sabata ino isanathe, chifukwa amene ali ndi mawu akewo akhoza kuwatumiza kwa m'bale wina.