Kwa asisi amene afunsa za omega-3: botololo liyikeni kaye pambali

Asisi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi pakati pa miyezi 5, mnzanu wa kuntchito wakupatsani botolo la cod liver oil kuti mwana adzakhale wanzeru, apongozi akuti nsinjiro ndi mafuta ophikira n'zokwanira, ndipo inuyo fungo la kapenta likukuchititsani mseru. Ndiye mukufunsa kuti mumvere ndani. Mundipirire, ndilemba zambiri, chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Mwana wanga wachiwiri anabadwa masiku asanakwane, pa masabata 33, kanthu kongodzaza m'manja awiri. Sindikunena kuti chinachititsa ndi chakudya, zifukwa zimakhala zambiri, koma kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa anamwino ndi kuwerenga chilichonse chokhudza zakudya za mayi woyembekezera.

Tiyambe ndi botololo: musamwe. Mnzanuyo wakupatsani ndi mtima wabwino, koma cod liver oil amachokera ku chiwindi cha nsomba, ndipo chiwindi chimasunga vitamini A wambiri wa mtundu wa retinol. Vitamini ameneyu akachuluka m'thupi la mayi wapakati amatha kuwononga kaumbidwe ka mwana. N'chifukwa chake amatiletsanso kudya chiwindi cha ng'ombe pafupipafupi tikakhala oyembekezera. Ngati mwamwako kale masiku angapo, musade nkhawa mpaka kusowa tulo. Ingosiyani, ndipo tsiku la sikelo mulitenge botololo mukawaonetse anamwino.

Tsopano za apongozi. Akunena zoona mbali imodzi. Pali mafuta a mitundu iwiri amene thupi lathu silingapange lokha, tiyenera kuwapeza m'chakudya: omega-6 ndi omega-3. Omega-6 ife kuno ku Lusaka sitimusowa ngakhale pang'ono. Ali mu nsawa, mu nthanga za maungu, mu mafuta a mpendadzuwa amene timathira mu ndiwo tsiku ndi tsiku. Chiwawa chotendera, kalembula, bondwe wa nsinjiro, zonsezi ndi zabwino kwambiri ndipo musazisiye. Vuto ndi lakuti mu nsawa ndi mu mpendadzuwa omega-3 mulibe kwenikweni, pamene ndi amene mwana akumufuna kwambiri pa miyezi imene mukulowayi.

Mu omega-3 muli wina wotchedwa DHA. Ameneyu ndi njerwa zomangira ubongo ndi kansalu ka kumbuyo kwa diso kamene kamatithandiza kuona. Mwana amamukoka kwa mayi kudzera mu nsengwa, ndipo amakoka kwambiri m'miyezi itatu yomaliza, kenako amapitiriza kudzera mu mkaka wa m'mawere. Mukapanda kudya, mwana amatapa m'nkhokwe ya thupi lanu, ndipo mimba zikamatsatana pafupipafupi nkhokweyo imachepa. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi mabungwe a United Nations oona za chakudya (FAO) ndi zaumoyo (WHO) mu 2008 anati mayi wapakati kapena woyamwitsa azipeza mamiligalamu osachepera 200 a DHA pa tsiku. Ena amati ndiye tidye soya kapena chia. Inde, zomera ngati soya, canola, chia ndi flaxseed zili ndi omega-3 wa mtundu wa ALA, koma thupi limasandutsa kachigawo kochepa chabe kukhala DHA. Ndiponso ma soya pieces amene timagula m'timapaketi aja, amawapanga atafinya kale mafuta. Amatipatsa mapuloteni, osati mafuta amene tikunenawa. Ngati mukusankha mafuta ophikira, a soya kapena a canola amaposa a mpendadzuwa pa nkhani iyi yokha.

DHA wokonzeka kale ali mu nsomba, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti ife tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Kapenta amene timamunyoza kuti ndi ndiwo za kumapeto kwa mwezi, ali m'banja limodzi ndi ma sardine amene azungu amawatamanda. Wa ku Mpulungu amachokera m'nyanja ya Tanganyika. Wa ku Siavonga naye kwawo kwenikweni ndi ku Tanganyika komweko, anachita kumutenga n'kukamuthira mu Kariba cha m'ma 1967 ndi 1968. Palinso chisense cha ku Luapula, ndi usipa kwa inu amene muli ndi achibale obwera nawo kuchokera ku Malawi kudzera ku Chipata. Ubwino wa tinsomba timeneti ndi wakuti timadya tonse, mutu, maso ndi minga yomwe, choncho pamodzi ndi mafutawo mumapezanso calcium, ayironi ndi vitamini B12. Buka buka nayenso ndi wabwino. Horse mackerel wa m'firiji wochokera ku Namibia ali ndi mafuta amenewa, chimodzimodzi ma pilchard a m'chitini a msuzi wa tomato. Bream ndi nsomba yokoma, idyeni, koma omega-3 wake ndi wochepa poyerekeza ndi enawa, makamaka wowetedwa m'madamu.

Muzidya kangati? Kawiri kapena katatu pa sabata, zonse pamodzi magalamu pafupifupi 230 mpaka 340 a nsomba yosaumitsa, yophikidwa bwino. Kapenta wouma ndi wopepuka chifukwa madzi anachoka, ndiye manja awiri odzaza pa chakudya chimodzi akukwanirani. Mudzamva ena akuopseza za mercury. Poizoni ameneyu amaunjikana mu nsomba zikuluzikulu za m'nyanja ya mchere zimene zimadya zinzake kwa zaka zambiri, monga shaki ndi swordfish. Tinsomba ting'onoting'ono sitikhala ndi moyo wautali woti tiunjike zambiri. Tuna wa m'chitini yekha ndiye musamachite kumudya tsiku lililonse.

Nkhani ya mseru ndikuimvetsa. Pa mimba yanga yachitatu, mlamu wanga akangoyamba kukazinga kapenta m'khitchini ine ndinkathawira kuseri kwa nyumba, chitenje chili kukamwa. Anandithandiza ndi mayi wina wachikulire wa ku Katete amene tinkakhala naye pafupi ku Mtendere. Anati vuto lalikulu ndi utsi wa mafuta okazingira m'nyumba yotseka. Ankatenga kapenta, n'kumusankha mchenga, n'kumutsuka kawiri m'madzi ofunda kuti mchere uchepe, n'kumuyanika pa lichero. Akauma ankamukazinga pang'ono pa mbaula panja, popanda mafuta, kenako n'kumusinja mu mtondo mpaka kusanduka ufa, n'kusefa. Ufa umenewo supuni ziwiri ankathira mu chiwawa chotendera pamodzi ndi nsinjiro ndi tomato. Ndinadya mbale yonse ndi nsima, fungo losamveka n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo ndinkasunga ufawo mu kabotolo kotseka bwino, wokwanira sabata imodzi basi, chifukwa ukakhalitsa umayamba kununkha. Mandimu ofinyira pamwamba ndi kachidutswa ka jinja mu msuzi zimathandizanso, ndipo nsomba ikazirala pang'ono fungo limachepa.

Pogula ku Soweto Market kapena pa msika wa kwanuko, musachite manyazi kutapa pang'ono n'kununkhiza. Kapenta wabwino amawala ngati siliva ndipo amathyoka mukamupinda. Amene wasanduka wachikasu chakuda, wonyowa m'manja, wonunkha ngati mafuta akale, ndiye kuti mafuta ake aja awonongeka, musiyeni ngakhale atakhala wotchipa. Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limaletsa usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri, komanso mvula imavutitsa kuyanika, ndiye nsomba zimasowa ndi kukwera mtengo. Miyezi imeneyo chitini cha pilchard ndi mazira zimagwira ntchito. Za mazira ndikudziwa kuti kwathu amati mayi wapakati akadya mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ena amaletsanso mlamba. Ana anga atatu onse anabadwa ndi tsitsi lodzaza mutu, ndipo mazira ndinkadya. Muziwaphika mpaka alimbe basi.

Nanga makapisozi a fish oil? Si oipa, ndipo amasiyana ndi cod liver oil chifukwa sachokera ku chiwindi. Mu 2018 gulu la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 70 wokhudza amayi pafupifupi 20,000, n'kupeza kuti kuwonjezera omega-3 kunachepetsa kubereka masabata 37 asanakwane ndi 11 peresenti, ndipo kubereka masabata 34 asanakwane ndi 42 peresenti. Ine nditawerenga zimenezi ndinakumbukira masabata aja ndinkagona pa benchi kudikira kukayamwitsa mwana ali m'kagalasi. Koma zoti kapisozi amapangitsa mwana kukhala woyamba m'kalasi, kafukufuku sanatsimikize, ndi mawu a ogulitsa. Ngati nsomba yakukanani kotheratu, kapena imakutulutsani ziwengo, kambiranani ndi anamwino kapena adokotala za makapisozi, aliponso opangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja. Mukamagula tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Ambiri amalemba 1000 mg kutsogolo ndi zilembo zikuluzikulu, pamene DHA weniweni mu kapisozi mmodzi ndi 120 mg yokha. Ndipo ngati munapatsidwa aspirin kapena mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, nenani musanayambe.

Chinanso, asisi, mapiritsi a ayironi ndi folic acid amene amakupatsani ku kiliniki, ndi Fansidar wa malungo uja, musawasiye poganiza kuti nsomba yalowa m'malo mwake. Ntchito zake n'zosiyana. Ngati BP yanu imakwera, kapenta wa mchere muzimuviika kaye m'madzi ndipo musawonjezere mchere mu mphika.

Apongozi musakangane nawo. Apempheni kuti akusinjireni nsinjiro monga mwa masiku onse, kenako muwapatse kapenta wokazingayo asinjire mu mtondo womwewo. Yesani Loweruka lino, ndipo mudzatiuze muno ngati mbaleyo yatsika.