Matabwa aawisi amafuna mthunzi ndi mphepo

Achimwene, mwati mwacheketsa mitengo yanu ya bulugamu ku Santhe, matabwa mwawatsamiritsa kukhoma padzuwa, ndipo mukufunsa ngati pakatha masabata atatu mungakhomere denga. Chonde kawachotseni padzuwapo lero lomwe.

Thabwa longochekedwa kumene limadzaza madzi, nthawi zina theka la kulemera kwake. Padzuwa limauma kunja kokha mkati mukadali mwamuwisi, ndiye limang'aluka n'kupindika ngati uta. Bulugamu ndiye amachita kunyanya khalidwe limeneli. Kwathu tinakhomapo mitanda yaiwisi chifukwa mvula inali pafupi. Isanathe miyezi inayi mitanda inapotoka, misomali inakhwepa, malata n'kuyamba kudontha pamwamba penipeni pa bedi la amayi. Kukonzanso kunadya ndalama zoposa zomwe tinkapulumutsa.

Ife a ku Kasungu luso lake tili nalo kale. Kodi fodya wa bale timayanika padzuwa? Timamupachika m'chigafa, mthunzi pamwamba, mphepo ikudutsa m'mbali. Thabwa limafunanso zomwezo, ndipo ngati muli ndi chigafa chomwe chikungokhala fodya atapita kumsika, malo mwapeza kale, bola denga lake lisakhale lodontha.

Yambani ndi pansi. Lambulani udzu wonse, sanjani njerwa mpaka kufika m'maondo, mugonekepo mitanda yowongoka. Pamenepa dekhani, yezani ndi chingwe kapena levulo, chifukwa maziko akapendekeka matabwa onse auma mopendekekanso. Yalani mzere woyamba, thabwa ndi thabwa mukusiya mpata wa zala ziwiri. Pamwamba pake pingasani timatabwa touma, tokhuthala ngati inchi imodzi, totalikirana masentimita 50, ndipo kumapeto kwenikweni kwa matabwa kusasowe kamodzi. Kenako mzere wina, timatabwa tina, mpaka mutamaliza. Chomwe ambiri amalakwitsa n'chakuti timatabwato amangotiponya paliponse. Kalikonse kakhale ndendende pamwamba pa kanzake ka m'munsi, moti mukaima chapatali muone mzere woongoka kuchoka pansi mpaka pamwamba. Musagwiritse ntchito timatabwa tatiwisi, timasiya mabanga akuda ndi nkhungu. Pamwamba tsinjizani njerwa zambiri kuti matabwa omalizira asadzuke.

Kumapeto kwa thabwa ndi komwe madzi amathawira mofulumira, n'chifukwa chake ming'alu imayambira komweko. Pakaniko penti ya oyilo, ngakhale yotsalira m'chitini. Ndipo musakute muluwo ndi pulasitiki mpaka pansi, mumachita thukuta matabwa n'kuwola.

Mulu usapitirire pachifuwa panu ndipo ukhale wotambalala, poti ana amakonda kukwera, ndipo thabwa la bulugamu laliwisi likagwera mwana si nkhani yabwino. M'chilimwe anthu amatentha tchire posaka mbewa, choncho lambulani mozungulira chigafa chonse. Sabata iliyonse suzumirani pansi kuona ngati chiswe chayamba kumanga tinjira take panjerwa, mukatipeza tiphwanyeni n'kuthirapo mankhwala. Gogodani ndi ndodo musanalowetse dzanja, njoka zimakonda malo otere.

Za nthawi, masabata atatu ayi. Paini kapena malaina wa inchi imodzi m'nyengo yopanda mvula akhoza kuuma m'miyezi iwiri kapena itatu, koma bulugamu wa 2 by 4 kapena 2 by 6 (wokhuthala mainchi awiri, m'lifupi mainchi 4 kapena 6) muwerengere miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo. Nyengo yabwino yosanja ndi Meyi kapena Juni, kukuzizira, kuti ayambe kuuma pang'onopang'ono. Mukasanja m'kutentha kwa Okutobala, tchingani ndi udzu mbali yochokera mphepo.

Osadalira maso okha. Dulani chidutswa pakati pa thabwa limodzi, mupake penti kumapeto konse kuwiri, muchiike pasikelo ngati ya ogula soya ija, mulembe kulemera kwake, n'kuchibwezera mkati mwa mulu. Yezani sabata ndi sabata. Chikasiya kutsika kwa masabata atatu otsatizana, matabwa auma. Louma limapepuka, ukaligogoda limalira kuti ngwee, laliwisi limangoti phu.

Ngati mvula ikupezani nyumba isanafoleredwe, ndi bwino kugula mitanda youma ya denga, anuwa adzakhale a zitseko ndi mafelemu chaka chamawa. Ndipo mukafuna kuwanyamula pagalimoto kupita nawo kwina, yambani mwafika ku ofesi ya zankhalango paboma kukatenga chilolezo.